Pulinta ya Tonse ndi Nkhope ya Nkhwani

Pulofailo ya mitundu ndi kafayilo kamene kamauza kompyuta mmene sikirini kapena pulinta imatulutsira mitundu. Kamafunika chifukwa sikirini imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, pomwe pulinta imapaka inki zinayi zotchedwa CMYK, ndipo awiriwa samvana popanda womasulira. Dongosolo la mafayilowa lidaikidwa ndi bungwe la International Color Consortium, lomwe makampani monga Adobe, Apple, Kodak ndi Microsoft adakhazikitsa mu 1993. Mlembi wa nkhani ino adadziwa zonsezi madzi atafika kale m'khosi, nkhope yake itatuluka pa chiphaso cha kuntchito ili biriwiri ngati nkhwani. Munali m'mwezi womwewo umene inki idakwera mtengo, mabwana n'kulamula kuti chithunzi chikatuluka, chatuluka, palibe kubwereza.

Pulofailo imodzi imayenera pulinta imodzi, inki yake ndi pepala lake. Ya pepala lonyezimira la zithunzi ikagwiritsidwa ntchito pa pepala wamba, ndiwo zimasintha mtundu.

Nkhani imakula pa kompyuta imene anthu ambiri amalowapo, aliyense ndi dzina lake. Pa Linux, mapulofailo a onse amakhala mu /usr/share/color/icc, pomwe a munthu payekha amakhala mu foda yake, ndipo kapulogalamu kotchedwa colord ndi kamene kamauza CUPS, yoyendetsa zosindikiza, pulofailo yoti itenge. Pa Windows napo mapulofailo ali ndi nkhokwe yawo mkati mwa System32. Kusintha za onse kumafuna pasiwedi ya woyang'anira, ndipo poti woyang'anirayo amakhala ali "ku msonkhano", aliyense amangogwiragwira pamene dzanja lake lafika. Pulinta imasanduka mphika wa pamaliro: wodutsa aliyense athiramo mchere, osalawa. A ku akaunti amafuna manambala akuda bii, asekilitale amafuna maluwa owala, ndipo wobwera pomaliza ndi nkhope yake ndiye amadya zotsala.

Palinso cholakwa chotchuka, chokonza mitundu kawiri. Pulogalamu monga Photoshop imakonza mitundu, kenako dalaiva wa pulinta (kapulogalamu koyendetsa pulintayo), posadziwa kuti mnzake wakonza kale, amakonzanso. Uku n'kutendera nkhwani wotendera kale. Lamulo lake n'loti akonze mmodzi, winayo azimitsidwe. Mlembiyu, atawerenga theka la lamuloli, adazembera pulinta nthawi ya nkhomaliro n'kuyatsa zonse ziwiri. Nkhope idachokadi pa nkhwani, koma idakafikira pa bonongwe wofiira, ndipo pepalalo adalipinda kanayi n'kulibisa m'sokosi.

Mankhwala ake ndi odziwika. Woyang'anira amaika pulofailo yoyenera pamalo a onse, amapatsa pepala la mtundu uliwonse mzere wakewake wosindikizira wokhala ndi dzina lomveka, n'kutseka kuti ena asamasinthe. Ntchitoyi sitha ndi tsiku lomwe. Ofesi imene imagula pulinta yodula, n'kumawerengera antchito madontho a inki koma osapeza munthu woikonza bwino, ikuwononga ndalama yokha n'kumanamizira ana ake. Pasiwedi yosungidwa ndi munthu wosagwira nayo ntchito ndi umbombo basi.

Chiphaso chija chikadali pakhosi pa mwini wake. Alonda a pageti amachiyang'ana m'mawa uliwonse, kenako n'kuyang'ana nkhope, n'kufunsa mwaulemu ngati a Nkhwani adzuka bwino. Chidzasinthidwa pakapita zaka zitatu, pa pulinta yomweyo.