Kapangidwe ka Wotchi ya Mabwana pa Tebulo Lodyera ku Spinney Hill

Wotchi yooneka ngati ya mabwana imapangidwa ndi zinthu izi: makina, chigoba, nkhope, mivi, galasi ndi lamba. Chilichonse chimagulidwa pachokha pa intaneti, makamaka kwa ogulitsa a ku China pa AliExpress, ndipo chimafika tsiku lakelake. Ntchitoyi siyochititsa manyazi. Kampani imene inadzakhala Rolex inayambira ku London m'chaka cha 1905, pomwe Hans Wilsdorf ndi Alfred Davis ankaitanitsa makina ku Switzerland n'kuwalowetsa m'zigoba zopangidwa ndi anthu ena. Wopanga wotchi ku Spinney Hill, mumzinda wa Leicester, ayenera kuloweza mbiri imeneyi asanagule kanthu, chifukwa adzaifuna pamene apabanja ake ayamba kufunsa komwe kukupita ndalama.

Nyumba zambiri za m'derali ndi zogundizana ndipo malo ndi ochepa, choncho fakitale imakhala tebulo lodyera. Ntchito iyambe mbale zikachotsedwa, ana atagona. Kapeti ndi mdani wamkulu: kasikuluwu kakagwerapo, maliro ake amakhala opanda mtembo.

Makina oyenera oyamba kumene ndi NH35, a m'banja la Seiko. Amagunda maulendo 21,600 pa ola, amayenda maola pafupifupi 41 atavulidwa pamkono, ndipo opanga ake amavomereza kuti angathamange masekondi 40 kapena kutsalira 20 patsiku. Rolex imalonjeza kuti yake sipitirira masekondi 2. Kusiyanaku kusadetse nkhawa munthu amene amafika pa ukwati wa 2 koloko nthawi ili 4. Amene ali ndi abale kumudzi angasankhe NH34, yomwe ili ndi muvi wachinayi woonetsa nthawi ya dziko lina. Malawi amatsogola ndi maola 2 m'nyengo yozizira ndi ola 1 m'chilimwe cha ku England, ndiye muviwo umathandiza kudziwa nthawi imene foni yopempha fizi ilire.

Nkhope yofala ndi ya mamilimita 28.5, ndipo kumbuyo imakhala ndi timiyendo toposa tofunika. Tiwiri timadulidwa malinga ndi mbali imene chopukusira mivi chikhale. Kudula tolakwika ndi gawo la maphunziro, ndipo nkhope yachiwiri iitanitsidwe limodzi ndi yoyamba.

Pa mivi ndi pamene amuna amalira. Chopukusira chizunguzidwe pang'onopang'ono mpaka deti litadumpha. Pamenepo ndi pakati pa usiku, ndipo muvi wa maola ndi wa mphindi ikhomedwe yoloza pa 12. Wophonya apa amakhala ndi wotchi imene imasintha tsiku pa nthawi ya nkhomaliro. Muvi wa masekondi uli ndi kachubu kakang'ono kofunika kukhala pa kamsonga kosaoneka popanda galasi lokulitsa. Kupuma kumaletsedwa. Muviwo ukathawa pa kambaniro umauluka ngati ngumbi, ndipo umapezeka patatha miyezi, m'mphika. Kachitsulo ka chopukusira nako kamabwera kotalika kuti mwiniwake adule. Kamadulidwa kawiri: koyamba kamatsala katali, kachiwiri kamafupika.

Asanatseke chigoba, fumbi lichotsedwe ndi kaphula kotchedwa Rodico. Kachitsotso kamodzi kamatsalabe, ndipo kamaonekera wotchi itatsekedwa, pa 7 koloko.

Kuyesa kumachitika m'magawo awiri. Za madzi, ogulitsa amalemba mamita ambiri pankhope, koma mvula ya mu Spinney Hill Park imakwana kuulula ngati mphira wakumbuyo anaiwalika patebulo. Za nthawi, wopanga apite pa Clock Tower ya pakati pa mzinda, yomwe yaima pamenepo kuyambira 1868, akayerekeze. Zikasiyana, anene kuti nsanjayo yakalamba. Ku masitolo a golide a pa Belgrave Road asapiteko atapinda malaya, pakuti kumeneko amazindikira wotchi ili kutsidya la msewu.

Nkhani ya dzina ndi yofunika kusamala. Kutengera maonekedwe a Submariner, wotchi ya Rolex ya osambira pansi pa nyanja ya 1953, n'kofala, koma kugulitsa wotchi yolembedwa dzina la eni ake ndi mlandu pansi pa Trade Marks Act ya 1994, ndipo chilango chingafike zaka 10 m'ndende. Nkhope yopanda dzina ndiyo yanzeru. Wofunsa auzidwe kuti mabwana enieni salengeza.

Powerengera ndalama, pa mtengo wa zipangizo pawonjezedwe msonkho wa VAT wa 20 peresenti, zida zogwirira ntchito, nkhope ziwiri ndi mivi itatu ya masekondi. Mtengo waukulu umadza chithunzi cha mkono chikaikidwa pa WhatsApp. Amalume a ku Dedza saona kachitsotso ka pa 7 koloko; amaona kuti mphwawo zake zayera, ndipo malata a nyumba yawo ayamba kudontha sabata lomwelo. Chithunzi chijambulidwe wotchi ili patebulo, pambali pa bilu ya gasi.