Dalaivala wa chilembo cha L

Mlembi wa danga lino ali ndi nthenda imodzi: akangoona mawu akuti "zatsopano", chala chimamuyabwa. Laputopu yake, yogula kwa munthu amene nayenso anagula kwa munthu, inkagwira ntchito bwinobwino. Lachisanu lina anamva kuti kwatuluka driver ya beta ya zithunzi, ndipo bandulo ya mwezi wathunthu inathera pomwepo.

Driver ya zithunzi ndi kapulogalamu komasulira pakati pa Windows ndi chipangizo chimene chimajambula zonse zooneka pasikirini. Ya beta ndi dalaivala wophunzira, wa chilembo cha L kumbuyo: akadali pamayeso, ndipo kawirikawiri alibe chiphaso cha WHQL chochokera ku Microsoft. Mkuluyu anamupatsa basi yodzaza.

Poyamba pulogalamuyo inakana, inati sikuona chipangizo choyenera. Sinkanama. Mkati mwa driver muli fayilo ya INF yosunga manambala a zipangizo zomwe imazidziwa, ngati kaundula wa kwa amfumu, ndipo laputopu yake munalibemo. Opanga malaputopu amaisoka driver mwawomwawo kuti imvane ndi batire komanso mabatani a kuwala. Chinanso, chibwerere Optimus ya NVIDIA mu 2010, malaputopu ambiri ali pamitala: chipangizo cha Intel chimagwira ntchito za tsiku ndi tsiku, cha NVIDIA chimaitanidwa kukakhala zolemetsa. Kugulira mmodzi chitenje osauza mnzake, mukudziwa kale.

Wanzeru akanalekera pomwepo. Iye anatsegula INF ija n'kulembamo yekha nambala yake, ngati wozembetsa dzina pamndandanda wa makuponi. Windows ya 64-bit inadandaula kuti siginecha yasokonekera. Iye anaitseka pakamwa pothimitsa chitetezocho. Driver inalowa, kompyuta inayambiranso, sikirini n'kungoti bii! Kunatsala kulira kwa fani.

Anamenya F8 mpaka chala kutupa, osadziwa kuti njira imeneyo yolowera mu Safe Mode inatsekedwa kuyambira pa Windows 8.

Anamupulumutsa ndi mphwake wa Fomu 3. "Amalume, tasunthani pang'ono," anatero mwaulemu wopweteka. Anaithimitsa mokakamiza kangapo ikungoyamba kuyaka, mpaka Windows inatulutsa yokha tsamba lokonzera. Mu Safe Mode zilembo zinali zikuluzikulu ngati za pabolodi ya Sitandade 1. Mnyamatayo anasesa zotsalira zonse ndi Display Driver Uninstaller, kenako anaika driver yakale ya opanga laputopuyo, ya Intel poyamba, ya NVIDIA pambuyo, monga mwa ukulu wawo. Anasonyezanso malume ake batani la Roll Back Driver mu Device Manager, limene limabwezeretsa driver ya dzulo popanda kukhetsa thukuta.

Malipiro ake anali nsapato za mpira. Mlembi wanuyu anauza anzake kubawo kuti anakonza yekha.

Lolemba kunatuluka beta ina. Tchaja ya laputopu ili m'chikwama cha mayi a kunyumba, ndipo apita nayo kumsonkhano wa Mvano.