Malangizo kwa Wofuna Kutchona ku Joni n'Kubwerako Chimanjamanja

Kubwerako ku Joni chimanjamanja patatha zaka 15 si ntchito ya aulesi ayi. Pamafunika khama ndi dongosolo. Alipo anyamata ena a kwa Mabuka ndi kwa Njema amene amalephera: amapita, kugwira ntchito zaka zitatu, kugula malata ndi njinga yamoto, n'kubwerera kudzatsegula golosale pa Limbuli. Amenewo asakusokonezeni, achimwene. Malangizo ali panowa ndi a munthu wofuna kuchita zinthu mokwanira, kuti tsiku lina adzatsike basi pa Wenela ku Blantyre mtima ukuwawa, dziko la eni litamukola, kwawonso asakudziwa poyambira.

Zonse zimayambira pa mawu otsanzikira. Musanene kuti mukusamuka. Nenani kuti mukungokasaka ya malata, mubwera chaka chamawa. Munthu wopita kukakhazikika amafunsa za mapepala, amaphunzira chilankhulo cha eni dziko, amayesetsa kuphunzira luso lina. Wokasaka ya malata alibe nazo ntchito zimenezo, pakuti akubwera posachedwa. Chaka chamawacho muchisamale, chifukwa mudzachitchula pa foni Khrisimasi iliyonse ndipo sichiperepeseka.

Ndalama yoyendera muipeze mwa kupinyolitsa munda. Kuno ku Mulanje malo ndi osowa kale. Nthaka yabwino ya m'tsinde mwa phiri idapita ku tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, anthu n'kupanikizana m'mphepete mwa maesiteti a Lujeri, Ruo ndi Lauderdale, ndiye kamunda ka nanazi kakangochoka m'manja sikabwerera wamba. Kakakhala ka alongo anu ndiye bwino koposa: inu ndinu mwinimbumba, auzeni kuti mudzakawombola ndi malipiro a mwezi woyamba. Mukasowa munda, katapila aliponso.

Njira ndi yodziwika: Mwanza, Zobue, mlatho wa pa Tete, Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge. Pamenepo adzakudindirani masiku osapitirira 30. Masiku amenewa muwatenge ngati moni chabe. Kuyambira mu 2014, malamulo a South Africa amati wopitiriza masiku ake akamatuluka aletsedwe kulowanso, mwina mpaka zaka zisanu. Lamuloli ndi bwenzi lenileni la mtchona, chifukwa likangokugwirani simungayerekezenso kupita kumudzi. Maliro a malume, ukwati wa mlongo wanu, mwana wanu woyamba kulowa Fomu 1, zonse mudzazionera pa WhatsApp mutakhala pa ndowa. Ena amapereka pasipoti kwa woyendetsa basi kuti azikadinditsa kumalire mwezi ndi mwezi. Nayonso ndi njira yabwino, chifukwa ndalama imatha ndithu, ndipo pasipoti yanu imayenda maiko pamene mwini wake simudatulukepo mu Diepsloot.

Ntchito mudzaipeza, musade nkhawa. Amalawi tili ndi mbiri kumeneko ya kukhulupirika, kulimbikira ndi kusayankha. Mbiri imeneyi muinyadire mpaka ikudyeni. Mukalowa ya m'gadeni, ya m'nyumba kapena ya m'shopu, musafunse za kalata ya ntchito, za tchuthi kaya zokweza malipiro. Abwana akakupatsani jekete lawo lakale, thokozani kawiri, ndipo nkhani ya malipiro muiimike chaka china. Satifiketi yanu ya MSCE ikhale pansi pa sutikesi. Mnzanu akakuitanirani kukaphunzira kuwotcherera zitsulo kapena kuika matailosi Loweruka, muuzeni kuti inu simudabwerere sukulu. Cholinga n'chakuti chaka cha 12 chikupezeni mukudula kapinga yemwe uja, mawondo okha ndiwo atasintha.

Chizulu muphunzire chongokwanira kuyankha apolisi ndi kutsika takisi. Chotsalacho mudzachilankhula mukadzabwerera kumudzi, kumene kulibe wokukonzani. Kucheza kwanu kukhale ndi Amalawi okhaokha, makamaka a kwanu komwe, kuti Lamulungu lililonse muzikumana n'kumakumbutsana kuti anthu a kuno alibe ulemu. Mwina n'zoona, mwina ayi. Chachikulu n'chakuti pakatha zaka khumi pasapezeke mwini dziko ndi mmodzi yemwe woti n'kukubisani m'nyumba mwake zinthu zikavuta.

Tsopano nkhani ya zithunzi, imene ambiri amaipeputsa. Mkhukhu umene mumagonamo anthu anayi usaoneke pa chithunzi chilichonse. Jambulitsani mutatsamira galimoto ya abwana, kapena mutaima pa Sandton mutavala magalasi akuda. Kumudzi akaona, adzachita masamu awo, ndipo masamuwo adzakupezani: fizi, feteleza, chipatala, chipepeso, mbuzi ya mlandu wa mphwanu. Musakane ngakhale kamodzi, chifukwa munthu wotsamira galimoto yotere sanganene kuti alibe. Kongolani, thamangirani ku Mukuru. Randi muziiwerenga m'makwacha nthawi zonse, maka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, pakuti manambala ake amatonthoza mtima. Mtengo wa thumba la simenti pa Chitakale musaufunse.

Pa nyumba ndiye pagona luso lonse, choncho tiyeni tifatsepo. Ndalama yomangira musaitumize kwa munthu mmodzi. Ya njerwa ipite kwa achimwene, ya malata kwa alamu, ya mmisiri kwa mayi a ana, kuti tsiku lofunsana aliyense adzaloze mnzake. Malisiti musafunse, kufunsa lisiti m'bale wako ndi kumutcha wakuba, ndipo inu mudaleredwa bwino. Akakutumizirani chithunzi cha khoma limodzi, khutirani. Chaka chinacho akatumizanso khoma lomwelo atalijambula chakumadzulo, yamikani kuti ntchito ikuyenda. Inu mumawatumizira galimoto ya eni, iwo akukutumizirani khoma. Palibe wobera mnzake pamenepa.

Malo omangapo musankhe mwanzeru. Ambiri kuno timatsata chikamwini, ndiye nyumbayo imangidwe kuchikamwini, pa malo a akazi anu, monga mwa mwambo. Palibe cholakwika pamenepo. Luso lili pa chotsatira: ikangofika pa mawindo, pezani mayi wina ku Joni wokuchapirani, muyambe kuimba foni mwa apo ndi apo, kenako musiyiretu. Ankhoswe akakufunani, sinthani nambala. Banja likatha nyumba imatsala ndi mayi ndi ana, ndipo kunena zoona ndi mmene ziyenera kukhalira, poti ndiwo adapirira dzuwa ndi mvula pamalopo. Inu mudzakhala mutamanga nyumba yokongola imene muzidzaiona mukamadutsa pa msewu.

Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagumula midzi ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, anthu oposa 1,000 n'kutaya miyoyo m'dziko muno. Pamenepo palibe choseketsa, ndipo alipo a ku Joni ambiri amene thukuta lawo la zaka lidapitadi ndi madzi, ena abale awo omwe. Chongoti mudziwe n'chakuti namondwe yemweyo adagwetsanso nyumba zina zimene zidali zisanamangidwe n'komwe. Mukauzidwa kuti yanu idali m'gulu la zogwa, musafunse kuti malata ake adatsakamira pati.

Katundu muzitumiza ndithu kudzera kwa matransipota. Yambani ndi filiji, ngakhale magetsi adalekezera patali ndi mudzi wanu. Imasunga bwino ufa ku makoswe.

Kukhumudwa nako kuli ndi kachitidwe kake. Musathamangire. Mu May 2008 chipolowe chothamangitsa obwera chidayambira ku Alexandra, anthu 62 n'kuphedwa. Mu April 2015 chidabuka ku Durban, boma la Malawi n'kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Kuyambira mu 2021 kwabwera gulu la Operation Dudula, limene lafika poima pa zipata za zipatala kumafunsa ziphaso. Wosadziwa angaganize kuti zimenezi ndizo zimabweza munthu kwawo. Ena zimawabwezadi. Koma mtchona wokhwima amabisala sabata ziwiri n'kunena kuti zadutsa, kapena amakwera nawo basi ya boma, kudya nsima ya kwawo miyezi iwiri, n'kubwereranso podzera njira zachidule. Inunso muchite chimodzimodzi. Akakutchani kwerekwere m'takisi, yang'anani pa windo.

Chimene chimathyola msana chimabwera mwakachetechete. Abwana amene mwawagwirira zaka 11 adzakuitanani m'mawa wina n'kukuuzani kuti akusamukira ku Australia kutsatira ana awo. Adzakusiyirani makina odulira kapinga, kalata yokuyamikirani ndi misozi yeniyeni. Penshoni palibe, poti m'mabuku a boma simudagwirepo ntchito. Mukapita kukaima pa mphambano kudikira ganyu, mudzapeza anyamata a zaka 20 ochokera ku Mangochi ndi ku Mzimba, ovomera theka la mtengo wanu, monga mudachitira inu mutangofika. Mwana amene mudaberekera komweko adzakhala wopanda chiphaso cha dziko lililonse, Chichewa akungomva pang'ono, Chilomwe ndiye ayi. Ndipo pa gulu la WhatsApp la anthu a kwanu mauthenga osonkhetsa ndalama yotumizira maliro kumudzi adzayamba kubwera pafupipafupi, maina ake a anthu amene mudakwera nawo basi imodzi. Tsiku limene mudzayambe kuwerengera chamumtima kuti pa inu angasonkhe zingati, dziwani kuti mwapsa, mwatsala n'kuphulidwa.

Nthawi imeneyi muyambe kukumbuka kumudzi, koma mukumbuke Mulanje wa chaka chimene mudachoka. Madzi ozizira a Likhubula, mapeyala ongotola, kalongonda wa agogo, mitengo ya zinthu ya nthawi ya Bingu. Muziuza anzanu kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo kuti kumudzi munthu sagona ndi njala. Wina akafuna kukuuzani za mtengo wa chimanga lero kapena za mizere ya mafuta, muuzeni kuti netiweki ikuvuta.

Kabwereredwe kali pawiri. Mukhoza kudikira apolisi kuti akutengereni ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene obwera opanda mapepala amasungidwa podikira kutumizidwa kwawo. Ulendo umenewu ndi waulere, ndipo umakupulumutsani ku vuto lolongedza katundu. Kapena mukhoza kudzilipirira basi. Mukatero, ndalama yotsalayo musalowe nayo m'mudzi. Pa Limbe musakwere minibasi ngati munthu wamba. Chitani hayala galimoto mpaka pakhomo, kuti anthu aone. Sabata yoyamba gulirani mowa aliyense wokutchani bwana pa Chitakale. Pofika sabata yachitatu mudzakhala mutafanana ndi anzanu, kusiyana nsapato zokha.

Mukakhazikika, dandaulani. Chilichonse muchiyerekeze ndi ku Joni: msewu, buledi, kachedwedwe ka kuchipatala, fumbi. Dziko lija mumalitukwana muli komweko, tsopano mulitamande. Ana anu akakupatsani moni wa alendo, atagwada patali, nenani kuti mayi awo adawaphunzitsa mwano. Anyakwawa akakuuzani kuti dzina lanu mulibe m'kaundula wa feteleza wotsika mtengo, komanso kuti maliro onse a m'mudzi muno simudakumbepo manda ngakhale amodzi, kwiyani n'kuwakumbutsa kuti mumatumiza chipepeso. Mudzakumananso ndi mnzanu uja mudamusiya akuthyola tiyi, amene pambuyo pake adayamba kuoloka pa Muloza ndi njinga kukapikula chimanga ku Milange, n'kumagulanso nandolo nyengo yake. Nyumba yake ndi yaing'ono, koma ya malata, ndipo akugonamo. Mupatseni malangizo a bizinesi.

Wina angafunse ngati zonsezi zili zatsopano. Ayi ndithu, muli m'mapazi a akuluakulu. Makolo a ambiri a ife adachita kuoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa ulamuliro wa Apwitikizi, n'kudzagwa m'thangata pa maesiteti a kuno. Ana awo adapita ku mapulazi ndi migodi ya ku Rhodesia. Ena mwa iwo adatchona mpaka kulandidwa kwa mapulazi kwa mu 2000 kudawapeza alibe munda ku Zimbabwe, kuno mudzi ataiwala njira yake. Ena adapita ku migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Mu April 1974 ndege yobweza anthu a kumigodi idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, Amalawi oposa 70 n'kufa, ndipo Kamuzu adaimitsa ulendo wa kumigodi. Udayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, n'kudzathera mu 1988 pa mkangano wa zoyeza magazi.

Madala a Theba aja ena alipobe m'midzi ya kwa Chikumbu ndi kwa Nkanda. Mudzawaona pa boma atavala majekete, m'thumba muli kajumbo kokulunga mapepala achikasu, atamva mphekesera yakuti ndalama zawo za kumigodi zatsala pang'ono kutuluka, abwere adzalembetsenso maina. Akhala akulembetsa kwa zaka zambirimbiri. Musawaseke, ndipo musadziyerekeze nawo, pakuti iwo adapita ndi kontirakiti, adali ndi nambala, ali ndi pepala loti n'kudikirira. Inu mukatsata bwino malangizowa mudzawaposa, chifukwa simudzakhala ndi dzina m'buku lililonse, ku Joni ngakhale kuno. Pa msonkhano wawo mukhoza kupita ndithu, koma mukakhale kumbuyo, ndipo akamayendetsa pepala lolembapo manambala mungolipatsira kwa mnzanu.