Ine ndi m'bindikiro wa masiku 21

Nduna ya zaumoyo, a Jappie Mhango, italengeza kuti kuyambira pa 18 April 2020 dziko lonse likhala pa m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha matenda a Covid-19, ine ndinali mmodzi mwa anthu ochepa a ku Ndirande amene anaomba m'manja. Pabawo ndinayankhula ngati dokotala: ku Italy anthu akutha, South Africa yatseka kale, nanga ife tikudikira chiyani? Chomwe anzangawo sindinawauze n'chakuti ndinali ndi ngongole ya lendi, ina ya katapila, inanso pagolosale. Masabata atatu popanda wogogoda pachitseko! Chibadwire boma linali lisanandiganizirepo chonchi.

Mayi a kunyumba sanatsutse. Anangokoka thumba la ufa, n'kuligwedeza pafupi ndi khutu langa.

"Adokotala, uwu utifikitsa Lachiwiri. Masiku enawo tizidya malamulo?"

Sayansi yanga inasinthira pomwepo. Kwathu kuno chakudya chimabwera madzulo ndi munthu amene anachoka m'mawa: kaufa ka m'jumbo, timafuta toyeza, kamulu ka makala, bonya wa pambale. Ukatseka munthuyo, watseka poto. Ndiye mavenda atayamba zionetsero ku Limbe ndi ku Mzuzu, ndinali nawo limodzi ndi mtima wonse. Thupi lokha linatsala pafupi ndi wailesi, poti utsi wokhetsa misozi sugwirizana ndi chifuwa changa.

Pa 17 April a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC anakatenga chiletso kukhothi, Justice Kenyatta Nyirenda n'kuimitsa m'bindikirowo usanayambe. Ndinavina pabwalo mpaka fumbi koboo. Kutacha, alandilodi anagogoda atavala masiki. Ndinayesa kunamizira kusawazindikira, koma anatchula ndalamayo mpaka makobidi. Ndinatsokomola mwamphamvu kawiri. Iwo anabwerera m'mbuyo mita imodzi monga mwa malangizo a zaumoyo, dzanja lokha n'kulisiya patsogolo.

Boma litalonjeza K35,000 pamwezi kwa mabanja ovutika a m'mizinda, ndinayambanso kuona kuti matendawa ndi oopsa. Dzina langa litapanda kutuluka, ndinakayikanso ngati alipodi.

Za kampeni ya chisankho cha pulezidenti cha pa 23 June musandifunse. Munthu yemwe ndinkaphunzitsa anthu kukhala motalikirana ndinapezeka pa lole, mphuno yanga ili m'khwapa mwa mnzanga, tikuthamangira tisheti. Ndinalandira za mbali zonse, popeza ine sindisankha pa nkhani ya zovala.

Mu January 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi matendawa tsiku limodzi. Apa pabawo panati zii. Sipanafunike wapolisi kapena woweruza: ndinadzitsekera ndekha m'nyumba, ndimu ndi jinja pambali, mutu m'bulangeti, pansi poto wa masamba a bulugama akubwadamuka. Ndinatulukamo mphuno itasupuka, ndipo ana mpaka lero bulangetilo amakana kufunda.