Ndinafa kuti mwana akhoze

Ife tili pasukulu, ntchito yochitira kunyumba inali yodziwika: masamu khumi m'kope, kapena kubwera ndi tsache Lolemba. Makolo sinkawakhudza, pokhapokha ngati tsachelo wabera amayi ako. Masiku ano mwana akabwera ndi ntchito ya kusukulu, banja lonse limalemba nawo, ndipo mbali yolemera amasenza ndi amene wapezeka pakhonde alibe chochita. Kwathu munthu ameneyo ndine.

Mwana wa mlongo wanga amakhala nafe ku Bangwe, akuphunzira zautolankhani ndi zojambula makanema pa koleji ina mumzinda muno. Aphunzitsi awo analamula kuti gulu lililonse lipange trela ya filimu, yosapitirira masekondi 90. Kwa amene simunakumane nazo, trela ndi kakanema kakafupi kaja amaonetsa filimu isanatuluke, kokukopani kuti mudzaonere. Ndinafunsa kuti nanga filimuyo ili kuti. Anati filimu kulibe, ndipo sidzakhalako. Aphunzitsi akufuna trela yokha. Apa ndinaona kuti maphunziro afika patali. Wakanyenya amakulawitsa kanthuli chifukwa nyama ili pachiwaya, koma ana awa akuphunzira kulawitsa mbuzi imene sinabadwe n'komwe. Mwanayu akamaliza, ntchito sadzasowa nthawi ya kampeni.

“Amalume, tikufuna munthu wamkulu m'trela yathu. Muchita nawo?”

Kukana ndikanakana, koma dziwani kuti ine ndi zisudzo tinadziwana kalekale. Ndili Sitandade 6 ndinali mbusa wachitatu m'sewero la Khirisimasi, ndipo amene analipo akukumbukira mmene ndinagwirira ndodo. Ndinakulira m'nyumba za vidiyo, kuonera Bruce Lee ndi Chuck Norris nditakhala pa benchi lopanda mwendo umodzi. Izeki ndi Jakobo ndinkawatsanzira onse awiri ndekha, mpaka anthu kundipempha kuti ndisiye. Ndipo taonani kumene zisudzo zimafikitsa munthu. Michael Usi tinkamuonera pa TVM ali Manganya mu Tikuferanji, mu 2024 tinangomva kuti walumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Ine sindinkafuna zambiri chotero. Ukhansala unali wondikwana.

Ndinakameta, suti yaukwati ndinaiyanika kuti ichoke fungo la m'sutikesi, nsapato n'kupolisha. Madzulo ake mwana uja, amene tsopano anzake ankamutchula kuti Dayirekita, anandikhazika pansi n'kundifotokozera nkhani. Filimu yosakhalakoyo mutu wake unali Katapila: bambo wamwalira kusiya ngongole, ndipo mwini ndalama akusakasaka ana ake.

“Ndiye wakatapilayo ndine?”

“Ayi amalume, ameneyo ndi mnzanga wandevu uja.”

“Wapolisi?”

“Inu ndinu bambo aja.”

“Bambo ati?”

“Omwalirawo.”

Anandionetsa pepala logawidwa timabokosi, akuti storyboard, m'bokosi lililonse muli timanthu tojambula ndi bolopeni tosonyeza zimene kamera idzaone. Timanthu tonse tinali chilili, tina tikuthamanga, tina titagwirana pakhosi. Kamodzi kokha kanali chigonere pamphasa, ndipo pamwamba pake panalembedwa kuti Amalume.

Mayi a ana atamva anawomba m'manja. “Bambo, zimenezo ndi malodza. Munthu wamoyo kugona pamphasa n'kumufunditsa nsalu kumutu, anthu n'kumamulira?” Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti akulipira zingati. Nditanena kuti ndi zasukulu, palibe cholowa, anati, “Ndiye mukufa ulele?”

Ine chimene chinkandiwawa si imfayo koma kusowa mawu. Ndinamukumbutsa Dayirekita kuti mu 2019 kunatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, ndipo Chiwetel Ejiofor, munthu wobadwira ku London, anachita kuphunzira Chichewa kuti alankhule m'menemo. Tonse tinamva mmene chinkatulukira, ena tinkachita kuwerenga Chingerezi cha m'munsi kuti timve Chichewa chathu chomwe, komabe munthuyo analankhula. Ndiye ine wobadwa nacho ndikhale duu? Anandiyankha mwaulemu kuti mtembo sulankhula chilankhulo chilichonse. Titakambirana kwambiri anavomera kuti ajambule mawu omaliza a bamboyo asanatsirizike. Usiku umenewo ndinalemba masamba awiri, muli malangizo kwa ana, miyambi inayi ndi mawu pang'ono kwa boma.

Loweruka linafika gulu lonse, ana asanu ndi zipangizo zawo. Kamera inali foni ya Tecno yobwereka kwa mlamu wa wina. Poikapo pake panali mtondo wa mayi a ana, wogadabuza, ndi njerwa ziwiri. Wina ananyamula chivindikiro cha poto kuti aziwalitsira dzuwa kumaso kwa ochita sewero, ndipo wojambula mawu anamangirira foni ina ku mtengo wa mopu n'kumaiyendetsa pamwamba pa mitu yathu. Musaseke, zonsezi zinkagwira ntchito. Chimene chinakana kugwira ntchito ndi Bangwe.

Ndakhala kumeneko zaka zambiri, koma phokoso lake ndinalimva tsiku limenelo. Dayirekita akangoti “Action,” chigayo chimayamba. Chigayo chikatha, tambala. Tambala akakhala chete, njinga yamoto yakabaza, pambuyo pake wamakala akufuula, kenako kwaya ya tchalitchi cha kuseri ikuyeserera nyimbo imodzimodzi, kulakwitsa pamalo omwewo. Ine ndinati tingojambula, anthu adzamva zimene adzamvezo. Anakana. Akuti woonera amakhululuka chithunzi chikakhala cha mbuu, koma mawu akamveka mwa phokoso amatseka pomwepo. Ndiye tinkadikira kampata ka bata, ine ndili gone pamphasa m'suti, kutentha kwa Okutobala kukundiphika.

Anthu amaganiza kuti kufa ndi kupuma. Ayi ndithu, kupumako ndiye mlandu.

“Amalume, mimba ikukwera.”

“Ndikupuma, mwanawe.”

“Tasiyani kaye. Masekondi khumi okha.”

Ndikagwira mpweya, ntchentche imatera pamphuno. Ndikapirira ntchentche, fumbi la m'nsalu limandiyetsemulitsa. Nthawi ina ndinachita bwino kwambiri moti onse anayamikira, kenako wamopu uja anati m'mawu mukumveka mkonono. Masana titapumulira ndinavula nsapato ndi sokosi kuti mapazi apitidwe mphepo, ndipo titayambiranso palibe anazindikira msanga. Atazindikira panabuka mkangano waukulu, chifukwa mtembo sungakhale ndi nsapato pachithunzi china, n'kukhala wopanda pachithunzi chotsatira. Woonera adzafunsa kuti wavula ndani. Dayirekita anayang'anitsitsa mapazi anga nthawi yaitali, maso ake n'kuwala. Anati tibwereze zonse opanda nsapato. Ine ndinaganiza kuti akundimvera chisoni ndi kutentha.

Tsopano panafika polira. Atsikana awiri amene anali ana a malemu anayesa, koma kulira kwawo kunali kwa munthu amene waluza foni. Mayi a ana, omwe aja ankati malodza, anatulukira kukhitchini atagwira mthiko. “Ana inu, maliro salira choncho. Tapatukani.” Anamanga chitenje m'chiuno, kugwada pambali panga, n'kuyamba.

Abale anga, mawu amenewo sanawakonze tsiku limenelo. Anatuluka mosadodoma, mwandondomeko, chimodzi pambuyo pa chinzake. “Mwandisiyira denga lodontha ine! Mwandisiyira ngongole ya kugolosale ine! Njinga munati mukonza ija ili pomwepo ine! Ndalama za chipereganyu munadya zija ndikauza chiyani anthu ine!” Ine ndili m'kati mwa nsalu ndikumva mbiri yanga yonse ikuwerengedwa, ndipo kuyankha sindingathe chifukwa Dayirekita sananene kuti “Cut.” Za chipereganyu zija ndinkayesa sakuzidziwa.

Kulira koteroko sikukhala m'nyumba. Pasanathe mphindi zisanu amayi oyandikana nafe anali atadzaza pakhomo, zitenje zili m'mutu, ena akulira kale asanafunse kuti wapita ndani. Mnyamata wina wachangu anathyola nthambi n'kuika pamsewu kuti magalimoto aziyenda pang'onopang'ono. Posakhalitsa anafika amfumu, atakwiya, kufunsa kuti ndi mwambo wa kuti umenewu woti maliro alire iwo asanauzidwe. Ndinaona kuti nkhani yafika poyenera mwini khomo, ndiye ndinavundukula nsalu n'kukhala tsonga kuti ndifotokoze.

Mayi wina wa nyamakazi, amene amayenda ndi ndodo chaka chonse, anali woyamba kufika pamsewu. Ndodo anaisiya. Amfumu sanathawe, tiwapatse ulemu, anangobwerera m'mbuyo mofulumira mpaka kuseri kwa bafa. Atabwerera anagamula chindapusa cha nkhuku, ndipo anasankha tambala yemwe uja ankasokoneza mawu. Wamopu ndi yekhayo anakondwa. Nthawi yonseyi foni inali pamtondo ikujambula, ndipo Dayirekita anati chigulu chothawacho sakanachipeza ngakhale ndi ndalama.

Ntchito yeniyeni, ndinaona, inayamba anthu atabalalika. Sabata yonse mwana uja ankagona mochedwa, ali pa laputopu ndi CapCut, kudula ndi kulumikiza. Magetsi akazima amasamukira pafoni, bandulo ikatha amabwera kwa amalume. Anali ndi zojambula zopitirira maola awiri, zoti zipanikizidwe mu masekondi 90. Anandifotokozera kuti trela ili ndi kayendedwe kake: uyambe ndi mtendere pang'ono, ubweretse vuto, kenako zithunzi zizithamanga motsatira kugunda kwa ng'oma, mutu wa filimu ugwe pamapeto, koma mathero a nkhani usaulule. Ndinamupatsa nzeru yoti aikemo nyimbo ina yotchuka imene ndimaikonda. Anati nyimbo ili ndi mwini wake, ndipo a COSOMA alipo chifukwa cha anthu oganiza ngati ine. Mnzake wina anawapangira kaphokoso kawokawo, kogunda pamtima.

Ndinkamuona akuchotsa zinthu zimene anavutikira tsiku lathunthu, akudandaula koma akuchotsabe. Chithunzi chokongola cha dzuwa likulowa kuseri kwa phiri anachitaya chifukwa akuti sichikukankha nkhani. Kale ndinkadabwa kuti Shemu Joyah anatulutsa The Last Fishing Boat mu 2012, n'kudzabweranso ndi The Road to Sunrise mu 2017, zaka zonsezo ankatani. Nditaona masekondi 90 akudya sabata, nkhuku ndi mtendere wa m'banja, ndikuona kuti bamboyo anafulumira.

Tsiku loonetsa kunyumba ndinaitana anzanga awiri a pabawo. Trela inayamba. Ana akuseka pakhonde. Wandevu akugogoda pachitseko. Mayi a ana akulira, nkhope yawo yadzaza sikirini yonse, masekondi khumi ndi awiri athunthu. Chigulu chikuthawa, ndodo ikugwa. Mutu: Katapila. Basi.

“Nanga malangizo anga aja?”

“Anachedwetsa nkhani, amalume.”

“Nkhope yanga?”

“Munkaphethira.”

“Ndiye ine ndili pati?”

Anabweza pang'ono n'kuimitsa. Pakati pa wandevu ndi kulira kuja panali mapazi awiri otulukira kunsi kwa nsalu, ojambulidwa pafupi kwambiri, chivindikiro cha poto chikuwalitsa mng'alu uliwonse. Masekondi atatu. Pofuna kunditonthoza anati anatchera foni kuti izijambula zithunzi 24 pa sekondi, monga amachitira a mafilimu akuluakulu, ndiye kuti ndili m'zithunzi 72. Anzanga a pabawo anati ndi zambiri ndithu kwa munthu woyamba kumene.

Kusukulu gulu lawo linapeza malikisi apamwamba. Aphunzitsi akuti anaimitsa trela pa mapazi pomwepo n'kuuza kalasi yonse kuti uku ndiye kujambula: popanda liwu ndi limodzi lomwe, woonera wadziwa kale kuti malemuyu anali munthu wovutika. Kenako anafunsa kuti ming'aluyo anaipanga ndi chiyani kuti ioneke yeniyeni chotero. Mwana wa mlongo wanga, Mulungu amudalitse, anayankha kuti ndi chinsinsi cha gulu.

Trela ija anaiika pa WhatsApp, ndipo inayenda. Mayi a ana tsopano akuimitsidwa mumsika, anthu kufunsa kuti filimu ituluka liti, ndipo a kwaya ya kuseri awapempha kuti adzakhale Mariya pa sewero la Pasaka. Ine palibe wandipempha kanthu. Munthu mmodzi yekha ndiye anandizindikira, mwini golosale, amene amaona mapazi amenewa m'patapata tsiku lililonse. Anamva ndi kulira kuja, ngongole yake ikutchulidwa, ndipo anakhulupirira. Lachitatu madzulo anafika atavala jekete lakuda, paketi ya shuga ili m'manja, kudzapepesa. Anandipeza pakhonde ndikudya chinangwa.

Anandiyang'ana, anayang'ana mapazi, anayang'ananso shuga uja. Kenako anapereka shugayo kwa mayi a ana ndi manja awiri, n'kutulutsa kabuku kake m'thumba la jekete, n'kumulemba pansi pa dzina langa.