Ulemu Upite kwa a Stretch

Anthu amatama kompyuta kuti imawerengera msanga, amatama intaneti, amatama foni. Koma sindinamvepo munthu ataima pagulu kuthokoza a Stretch, lamulo lokhala mu AutoCAD, pulogalamu ya kampani ya Autodesk imene ojambula mapulani a nyumba ndi makina akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira 1982. Ulemu wawo wachedwa kwambiri, ndiye lero tiupereke.

Ntchito ya a Stretch ndi kukoka chinthu kuti chitalike. Ndi iwo amene amaitanidwa kasitomala akaima kumbuyo kwa wojambula, chala chili pasikirini, n'kumati: "Achimwene, tangokokani pabalazapa pakuleko pang'ono. Si kompyuta iyi? Mphindi ziwiri basi." Wojambula amangoti "Chabwino bwana," uku mumtima akudziwa kuti nsima yamasana adya madzulo.

Tiwatame choyamba chifukwa cha mwambo. A Stretch salowedwa chisawawa. Posankha zoti zikokedwe, mausi uyikoke kuchokera kumanja kupita kumanzere, bokosi lituluke lobiriwira, la mzere wodukaduka, lidule khoma pakati. Ukayambira kumanzere, bokosi n'kutuluka labuluu, iwo sakalipa, sanyoza. Amangonyamula zimene wazinga n'kukaziika poteropo, kutalika kwake kuli komweko, chimbudzi chitakhala pakhonde. Mphunzitsi wofatsa chonchi mungamupeze kuti?

Chachiwiri, amadziwa malire a udindo wawo. Mizere amaikoka mosanyinyirika. Chozungulira sachikoka, amangochisuntha. Ukawapatsa chinthu cha 3D cholimba, monga mzati kapena chitsulo chamakona, amachinyamula chonse kapena kuchisiya pomwepo. Ali ngati kalaliki wodziwa ntchito amene amakumvetsera mpaka umalize, kenako n'kukuuza mwaulemu kuti nkhani yakoyo ndi ya ofesi inayo. Ofesi inayo ndi ya a Presspull, kapena ugwire Ctrl, udine mbali imodzi ya chinthucho, uikoke yokha. Munthu wolowa kudzapempha chinthu chimodzi amatuluka ataphunzira malamulo atatu, osalipira fizi.

Ndipo banja lonse ndi lamphatso. Msuweni wawo, a Scale, amakhala mu SketchUp, pulogalamu imene inabadwira ku Boulder, m'chigawo cha Colorado ku America, mu 2000, n'kugulidwa ndi Google mu 2006, kenako Trimble mu 2012. Amenewa ndiye alibe mawu akuti ayi. Ukangowaitana, timabokosi tobiriwira timazinga chinthu chako, uli ndi ufulu wogwira kalikonse n'kukoka. Mphatso yawo ndi chilungamo: sakondera. Tenga tebulo la mamita 1.2, ulikoke lifike mamita 1.8. Thabwa lapamwamba litalika, inde. Koma nayo miyendo, imene inali mamilimita 50 mbali zonse, ilandira gawo lake: mbali imodzi 75, inayo 50. Bowo la bawuti la mamilimita 10 lisanduka lobulungira motalika, 15 uku, 10 uku, loti bawuti yake sinapangidwebe padziko lino. Ukakoka nyumba yonse chimodzimodzi, chitseko cha mamilimita 900 chimafika 1,350, choti ngolo ingalowe. Aliyense wadya nawo, palibe wotsalira. Akanakhala kuti ogawa chuma cha dziko ali ndi mtima umenewu, bwenzi tili patali.

Onyoza amati malamulo amenewa amaononga ntchito. Bodza. Ntchito amaichulukitsa. Kalipentala amene wapatsidwa pulani ya miyendo yonenepa mbali imodzi amapala matabwa kawiri, wogulitsa matabwa n'kugulitsa kawiri. Wowotcherera amaboola, n'kutseka, n'kuboolanso. Wosindikiza mapulani pamapepala akuluakulu aja amamwetulira akaona nkhope yomweyo ikubwera kachitatu. Ngakhale a Ctrl+Z, obweza zolakwika, akanakhala lova pakanapanda banja limeneli.

Koposa zonse, a Stretch ndi abale awo ndi omvera. Amachita zimene wanena, osati zimene umaganiza. Njira yotalikitsira tebulo lija popanda kulilemaza ilipo, ndipo saibisa: sankha miyendo iwiri ya mbali imodzi pamodzi ndi nsonga ya thabwa, uzisunthe zokhazo ndi Move, ulembe 600. Kungoti iwo sayankha munthu amene sanafunse, ndipo akuluakulu anatiuza kale zimene anadya safunsa uja.

Choncho inu ophunzira zojambula mapulani, ndi inu amene mwakalambira pa mausi, musawatukwanenso akuluakuluwa. Apatseni ulemu wawo: musanawaitane sungani kaye fayilo, ndipo akamaliza yezaninso chitseko chilichonse musanatumize pulani kwa mmisiri.