Nyama ya m'chitini mu foni ya Agogo

Foni ya Agogo aNaphiri inalira kachitatu nsima isanapse. Mayeso, amene anabwera kutchuthi kuchokera ku koleji ku Zomba, anaitola pamphasa n'kuwerenga mokweza: "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi, inayo yavuta."

"Ndalama iti?" anafunsa Agogo, mthiko uli m'manja. "Dzana akuti ndawina galimoto. Ine mpikisano womaliza kulowa unali wa chimtali, nthawi ya Kamuzu."

"Imeneyi ndi spam, Agogo."

"Sipamu ndi mwana wa kwa yani?"

Mayeso anakhala bwinobwino, poti mwana wasukulu akapeza womumvera sapuma. Anati Spam ndi nyama ya nkhumba ya m'chitini imene kampani ya Hormel inayamba kugulitsa ku America mu 1937. Mu 1970 anthabwala a ku Britain otchedwa Monty Python anachita sewero la m'nyumba yodyera momwe pafupifupi mbale iliyonse inali ndi Spam, anthu n'kumakuwa dzinalo mpaka osamvana. Dzinalo linakakamira pa uthenga uliwonse wobwera osauitana. Woyambitsa khalidweli pa makompyuta amati ndi Gary Thuerk, amene mu 1978 anatumiza uthenga wamalonda kwa anthu pafupifupi 400 nthawi imodzi.

"Kodi azungu amadandaula ndiwo zikachuluka?" Agogo anapukusa mutu. "Nanga mzere uja tinaima mu 2018, chitupa kumanja, a MACRA atati tilembetse masimu, unali wa chiyani?"

Funso linali lolemera, ndipo Mayeso analilambalala. Anaona kuti zinyalala zonse zikulowera pa simu yakale, ija Agogo analemba ndi khala pakhoma la chigayo akugulitsa nkhumba, n'kuiperekanso ku zinkhoswe zonse za m'mudzimo. Yatsopano, yodziwa ana awo okha, inali zii.

"Yakaleyi titseke. Koma muyambe mwatapa ndalama zonse zili mmenemo, ndipo achibale tiwauze, chifukwa nambala ikagona nthawi yaitali kampani imapatsa munthu wina."

"Amuna anga, mpaka ku Zomba kukaphunzira zimenezi? Nkhokwe yakale ine ndimagwetsa isanasanduke boma la makoswe. Sindinalipire fizi."

Mayeso anatsegula kumbuyo kwa foni ndi chikhadabo. Agogo anamugwira dzanja.

"Dikira. Pali sipamu wina wouma mutu, uyu anapeza ndi nambala yatsopano yomwe. Mwezi ukangofika pakati, iye tiye: 'Agogo okondedwa, ya ndiwo yatha.' Ameneyu titseka bwanji?"

Mnyamata anasuzumira. Nambala anaidziwa bwino, poti inali m'thumba mwake momwemo.

"Ameneyo si spam, Agogo."

"Ndinamuitana?"

Mayeso anadzuka kukatenga madzi osamba m'manja, asanatumidwe n'komwe.